Mashoko a Galimoto ya a Makwinja

Galimoto imene inapha Timoti inali pabwalo la polisi pa Boma, mphuno itaphwanyika, anthu akuisuzumira pampanda. Inali yofiira, yakalekale, ya mipando iwiri, ija azungu ankathamangitsana nayo, mimba yake kutsala pang'ono kukhudza pansi. M'Chiradzulu monse panalibe wosaidziwa. Inali ya a Albert Makwinja, mkulu wa mpingo, amene anaigula kwa mzungu wa ku esiteti ya tiyi, ndipo ankaipukuta kuposa nkhope yawo. Lolemba m'mawa inaterereka pa kona ya msewu wafumbi wa ku Mbulumbuzi, inazungulira, nkukawomba Timoti wa kabaza ali pa njinga yake. Bambo wa ana atatu anatsirizika pomwepo.

A Makwinja, amene ankayendetsa, anangothyoka mkono, pakamwa pokha panatsala pabwinobwino. Asanafike ndi kuchipatala komwe anali atalengeza kale wolakwa: makaniko wawo, Che Halidi. Akuti anamutuma kuika mashoko atsopano anayi, zitsulo zija zimagwira galimoto kuti isamadumphedumphe m'mabampu, koma iye anaba awiri akumbuyo nkuikapo zinyalala. Anthu akafuna wolakwa sadikira umboni, dzina lokha limawakwanira. Pofika madzulo apolisi anakamutenga Che Halidi, mbali ina kuti amufunse, mbali ina kuti anyamata a kabaza asamukhadzule.

Lachiwiri m'mawa Sajeni Doreen Namaona anapeza mkazi wa makanikoyo, a Rabia, atakhala pakhonde la ofesi, maso ali psuu.

"Achemwali, akuti akangoika maliro masana ano akubwera kudzatentha garaja," anatero a Rabia osapereka ndi moni yemwe. "Garajayo ndi nyumba yathu yomwe. Denga ndi limodzi, ife timagona kuseri kwa khoma la masipanala. Ndiye ndi anawa tilowere kuti?"

"Wanena ndani?"

"Wanena ndani! Anthu akugula petulo wa m'mabotolo pamsika dzuwa likuswa mtengo, inu mukuti wanena ndani?"

Kunena zoona, Doreen sankamukonda Che Halidi. Ankamukonda ndani? Munthu wamwano, wodzimva, amene tsiku lina anamuuza pagulu kuti njinga yake yamoto ndi chigayo chamatayala. Koma kudana ndi munthu si umboni. Anapempha akuluakulu ake kuti atumize anyamata awiri kukalondera garaja, kenako anayala katoni pansi nkulowa kunsi kwa galimoto ija.

Kutsogolo kunali mashoko achikasu, owala, lililonse ndi sipuling'i yake yolizungulira, komanso kagudumu kakang'ono kosinthira kulimba kwake. Kumbuyo kunali zina. Zitsulo zazitali, zonenepa, zopakidwa penti wobiriwira amene anali akadali wofewa atamukanda ndi chikhadabo, ndipo m'makutu mwake momangira mabawuti munali mowotcherera mwa mabudumabudu ngati zitosi za nkhuku. Anazijambula ndi foni. Potuluka, diso lake linagwera pa bampala yakumbuyo: panali kachidutswa ka riboni wofiirira, komangidwa mfundo.

Galimoto yogona m'shedi imavala riboni wa chiyani?

* * *

"Mwabwera kudzandifunsa kapena kudzandipepesa?" anatero Che Halidi atamutulutsa m'chitolokosi. Usiku wathunthu pa simenti sunachotseko mwano ndi pang'ono pomwe.

"Ndiuzeni za mashoko."

"Mumvetsa?"

"Che Halidi, kunja kuno kuli anthu ofuna mutu wanu. Lankhulani."

Anakhala pa benchi, nkuyamba kufotokoza ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani. "Galimoto ija ndi nkhalamba, a Sajeni. Nkhalamba suiveka nsapato za mnyamata. A Makwinja ankafuna mashoko olimba, a mpikisano, ati anaona pa foni. Ine ndinati, mpikisano wake uti, wa ku Mbulumbuzi? Pa misewu yathu ino mungalavule mano. Ndinaitanitsa a gasi kudzera ku sitolo ya ku Limbe, osinthika. Kutsogolo kuli injini, nkolemera, ndinalimbitsako. Kumbuyo nkopepuka ngati lichero, ndinafewetsa. Tsiku lathunthu ndinakhalira kukwera ndi kutsika msewu wa kuphiri, kupotokola kagudumu pang'ono, kuyesanso, mpaka inayamba kuyenda ngati yamata pansi. Ntchito ngati imeneyo m'boma muno angaigwire ndani?"

Doreen anamuonetsa chithunzi cha pa foni. Munthu uja anadumpha ngati walumidwa ndi linthumbu.

"Walayi! Izi? Izi akuti ndaika ine? Awa ndi mashoko a pikapu, ndi masipuling'i ake omwe, odula nkuwotcherera! Ku garaja kwanga kulibe ndi magetsi omwe, ndingawotcherere ndi chiyani, malovu? Taonani mphira zapotokazi. Chitsiru chimenechi chinamanga mabawuti galimoto ili lende pa jeke. Ine ndimamanga itatsika, itaponda pansi. Kundinena kuti ndine wakuba nkwabwino, koma kunena kuti ntchito iyi ndi yanga, kumeneko ndiye kundipha!"

"Zimenezi zingagwetse galimoto?"

"Zingagwetse? Kumbuyo kopepuka ukakuumitsa chonchi, tayala likagunda bampu limayandama m'malere. Pa kona matako amafuna kutsogola. Wayendetsa angapemphere bwanji, ipita kumene ikufuna."

"Nanga munthu angaikirenji zimenezi?"

"Kuti ikwere, basi. Mimba isamakhule pansi. Funsani amene ankafuna kuipititsa kumene kulibe msewu." Kenako mawu anatsika. "A Rabia mwawaona? Muwauze asatsegulire munthu chitseko lero."

Doreen anangogwedeza mutu. Za petulo uja sananene.

* * *

A Makwinja anamulandira pakhonde la nyumba yawo yamalata obiriwira m'tsinde mwa phiri, mkono uli m'chikhakha, atavala kale jekete yakuda ya kumaliro.

"Mwana wanga, mtima wanga wasweka," anayamba, maso ali kumwamba. "Munthu ndamudyetsa zaka ndi zaka, osayang'ana kuti sitipemphera limodzi. Lero wandisandutsa wopha munthu. Ndamukhululukira, koma lamulo ligwire ntchito."

"Galimotoyi chichokereni kwa Che Halidi yayendapo kuti, bambo?"

"Kulikonse ayi. Inalowa m'shedi umo, makiyi m'kabati mwanga, mpaka Lolemba."

"Ku Mbulumbuzi mumakatani?"

"Kukazonda wodwala."

"Ndani?"

Anatsokomola. "Mkhristu wathu wina. Ululuwu ukundiiwalitsa maina."

Pakona ya khonde panatsamira nkhwangwa yatsopano ndi khasu, zosagwirapo dothi, mipini yake itakulungidwa riboni wofiirira. Doreen anaziyang'ana nthawi yaitali dala.

"Kunali chinkhoswe?"

"Aa, cha Trevor, mwana wa mlongo wanga. Loweruka, kuseri kwa Mbombwe uko." Anakupiza dzanja labwinolo ngati akuingitsa ntchentche. "Za ana. Anapita pa minibasi. Ine kunalibe, ndinali ku Mulanje ku msonkhano wa mpingo. Mundikhululukire, mwana wanga, andipempha kuti ndikalankhule kumaliro."

Doreen anatsazika mwaulemu, anakwera njinga yake yamoto, anayenda mpaka pa mlatho, ndipo pomwepo anaponda buleki fumbi nkuti koboo.

Kunalibe? Atsibweni ake a mwana, mwini mbumba, kunalibe ku chinkhoswe cha mwana wa mlongo wawo? Iye Doreen anabadwira kuti, ku Ulaya? Kuno mnyamata akamakwatira bambo wake akhoza kudwala, mbusa akhoza kuchedwa, koma popanda atsibweni akuchikazi satulutsa ndi mpando womwe. Akambirana ndi ndani? Nkhuku apatsana ndi ndani? Bodza la mtundu umenewu ungamunamize mzungu, osati mwana wa Alomwe. Chinamupsetsa mtima kwambiri nchakuti mkuluyo sanavutike nkomwe kupeka bodza labwino. Anamuona ngati kamwana kongovala yunifolomu.

Anatulutsa foni nkuimbira msuweni wake Gertrude, wogulitsa tomato pa Mbombwe, amene nkhani siimudutsa ngakhale itavala chipewa.

"Chinkhoswe cha Trevor? Iii asisi, mwaphonya!" Gertrude anakuwa mpaka foni kunjenjemera. "Ine ndinaphika nawo mpunga. Mudzi wa akuchikaziwo uli kutsidya kwa kamtsinje kaja, msewu wake ngwa ng'ombe, ngakhale lole imatsala kuno. Anthu onse amavula nsapato nkuwoloka. Ndiye tangomva vuuu! Kagalimoto kofiira, maliboni mbwee, matako ali m'mwamba ngati nkhuku yojompha chimanga, kakuwoloka! Ana kuthamanga, amayi nthungululu. Akuchikazi anachita kuyasama."

"Amayendetsa ndani?"

"Eni ake, a Makwinja, ndi magalasi akuda! Nkhuku analandiranso okha, akumwetulira mpaka mano akumbuyo. Bwanji, asisi, kwagwanji?"

Doreen anadula foni. Dzuwa linali litayamba kukwera. Mawu a Gertrude okha sakanazimitsa botolo la petulo; anyamata a kabaza aja ankafunika kuona chinthu ndi maso. Wowotcherera uja anali ndani?

Anabwerera ku polisi nkuimanso pa galimoto ija. Pambali pake panagona njinga ya Timoti, yopindika ngati waya. Anaidutsa kangapo m'mawa muja osaiyang'ana. Tsopano anagwada. Kaliyala wake, uja amakhalapo okwera, anali wopakidwa penti wobiriwira yemweyo, ndipo m'mfundo zake munali zitosi za nkhuku zomwe zija.

Anakodola mnyamata wa kabaza amene ankasuzumira pampanda. "Makaliyala awa amawotcherera ndani?"

"A Dickson, ku Mbulumbuzi. Onse timapangitsa konko."

* * *

Dickson anali atakhala pa ngolo yosamaliza kuseri kwa shedi yake, fungo la kachasu likumutsogolera. Ataona yunifolomu sanathawe. Anangovula chipewa.

"Ine sindikudziwapo kanthu, bwana."

"Sindinafunse kanthu."

"Eya, nchifukwa chake ndikuti sindikudziwapo."

Doreen analoza chitini cha penti wobiriwira, kenako anamuika foni pamphuno. "Dzanja ili ndi la ndani? Dickson, ndilibe nthawi. Timoti akuikidwa lero, ndipo akangofotsera pali nyumba ya munthu ikupsa."

Atamva dzina la Timoti, munthu uja anagwira kumaso. "Timoti ndamuwotcherera kaliyala mwezi watha womwewu, bwana. Anandibweretsera nzimbe. Ine ndimapanga ngolo, za galimoto ndizidziwira kuti? Anabwera okha a Makwinja Lachisanu. Akuti, Dickson, mawa ndikukatula mwana wa mlongo wanga, sindingafike kwa asewere akuchikazi nsapato zili m'manja ngati wopempha mchere, ikweze galimotoyi. Ine ndinati, bwanji osapita kwa Che Halidi? Iwo akuti, ameneyo pakamwa, andinyoza pamaso pa anthu. Ndiye ndinali ndi mashoko a pikapu yakufa, ndinadula, ndinawotcherera, ndinapaka penti kuti zioneke bwino. Ndinawauza, bwana, Mulungu mboni, ndinati muziyenda ngati mwanyamula mazira, Lolemba mubwere tibwezeretse. Lolembalo amabwera kuno."

"Achikasu aja ali kuti?"

Dickson anayang'ana kuchimbudzi, kenako pansi. "Dzulo masana anandiimbira ali kuchipatala. Akuti, ponya m'chimbudzi, ukatsegula pakamwa wopha munthu ndiwe. Ndinafika nawo pakhomo pa chimbudzi, bwana, koma manja anakana."

Analowa m'shedi, anasuntha matumba a nandolo, nkutulutsa chiguduli. M'kati mwake munali mashoko awiri achikasu, owala, opanda ndi kadontho ka oilo komwe.

Doreen anawatola nkuwakulunganso m'chiguduli. Pa ntchito yakeyi anaonapo akuba mbuzi, anaonapo opha anzawo pa mowa, ndipo ambiri a iwo ankachita manyazi. Koma munthu kugona pa bedi la chipatala, wina ali mu mochale chifukwa cha matama ako, iwe nkumaimba foni yokonza zoti mnzako akafere m'ndende! Anamanga chigudulicho pa njinga, anamukweza Dickson kumbuyo, nkuimbira apolisi awiri olondera garaja aja. Foni inaitana, inaitana, osayankhidwa.

"Gwiritsa," anatero, ndipo chigayo chamatayala chija chinalira.

* * *

Kwawo kwa Timoti kunali kufupi ndi Boma. Doreen atafika anapeza anthu abwerako kale kumanda. Amayi anali pa mphasa, akuluakulu pa mipando pansi pa mtengo wa mango, koma pamene m'mawa panali njinga za kabaza mulu, panali mbee, mikwingwirima ya matayala yokha.

"Anyamata aja ali kuti?" anafunsa mayi wina.

"Anyamuka pompano. Atangomva mawu a abambo awo." Mayiyo analoza ndi mlomo.

A Makwinja anakhala pampando wa ndalema, pakati penipeni, akusamba m'dzanja labwinolo. Doreen sanagwade, sanawombe m'manja. Anamasula chiguduli nkukhuthula mashoko aja pa mapazi awo. Zitsulo zinalira ngwee.

"Bambo, awa ndi mashoko amene mukuti Che Halidi anaba. Uyu ndi Dickson, mukumudziwa. Mwawauza chiyani anyamata aja?"

Mkuluyo anayang'ana zitsulo, anayang'ana Dickson. Kenako anatsitsa mawu. "Mwana wanga, pano ndi pamaliro. Tiyeni tikakambirane kuseri."

"Mwawauza chiyani?"

Anayankha ndi mkulu wina wa pambali pawo, akuwayang'ana ngati sanawaonepo. "Anati Timoti sanaphedwe ndi galimoto, waphedwa ndi dyera la munthu mmodzi, ndipo tonse tikudziwa kumene amakhala."

"Ndinalankhula mwa chisoni," a Makwinja ananong'ona. "Tamvetsani, a Sajeni. Ine ndili ndi dzina, ndili ndi mpingo, asewere angondilandira kumene. Uja ndi makaniko. Akanakhalako masiku ochepa, nkhani nkuzizira, ine ndemwe ndikanakamutulutsa. Sindinaganize kuti..."

"Simunaganize! Kuwoloka mtsinje nsapato zili m'manja munaganiza kuti ndi manyazi. Izi si manyazi? Imirirani."

"Pamaso pa anthu?"

"Munalowa m'mudzi wa eni pamaso pa anthu. Imirirani!"

Mkazi wa Timoti anali atadzuka pa mphasa, atagwiriridwa ndi amayi awiri. Sanatukwane, sanalire. Anangoyang'ana mkulu uja, amene mphindi zapitazo anamugwira dzanja nkumuuza kuti alimbe mtima. A Makwinja analephera kumuyang'ana, anatembenukira kumbali, ndipo onse anatembenukira komweko. Kumbali ya msika kunali kukwera utsi wakuda bii, wa matayala.

Doreen anasiya mkuluyo ndi Dickson m'manja mwa wapolisi wina amene anali pamaliropo, anatola shoko limodzi, nkuthamangitsa njinga ngati wamisala. Anafika akukuwa, chitsulo chachikasu chili m'mwamba: "Siyani! Si iyeyo! Mashoko ake ndi awa!" Ena anamva, anatsitsa manja, anayamba kuyang'anana. Koma moto sumva Chinyanja. Garaja ya oilo ndi matayala inali itayaka kale mpaka kudenga, malata akupindika okha. Anyamata awiri a polisi aja, mmodzi akutuluka magazi pachipumi, anali atakwanitsa chinthu chimodzi: kutulutsa anthu amoyo. A Rabia anakhala m'mbali mwa msewu ndi ana awo, atafungatira ketulo ndi mkeka wopempherera. Zina zonse zinali m'katimo.

Anyamata a kabaza anayamba kuzemba mmodzimmodzi, akukankha njinga zawo mwakachetechete. Wina anabwera ndi chidebe cha madzi, nkuima nacho osadziwa pothira.

"Mwapeza, achemwali?" a Rabia anafunsa osadzutsa mutu.

"Ndapeza."

"Chabwino," anatero. "Kawauzeni bambo awo. Ine sindingathe."

* * *

Che Halidi anatuluka m'chitolokosi akudzikung'untha fumbi. Ataona shoko lachikasu pa tebulo analitola mwansangala, analitembenuza, anayesa kagudumu kaja ndi chala.

"Mwaona? Sanakhudze nkomwe, kali pomwe ndinasiya ine. Ndinakuuzani, a Sajeni! Ndiye anali ndani? Ayi, musandiuze, ndimva panjira. Mawa mubweretse chigayo chanu chija ndikuikireni mashoko abwino, mwayesetsa." Anaseka, kuseka kwake koyamba chimugwirireni, akusolola lamba wake ndi nsapato pa kauntala. Kenako anatambasula dzanja. "Makiyi a garaja. Munandilanda dzulo."

Doreen anatsegula kabati. Makiyi anali momwemo, atatu, pa kachingwe ka buluu. Anawagwira nthawi yaitali osawapereka.

"Bwanji?" Che Halidi anafunsa. Ananunkhiza m'mwamba, kenako anayang'ana yunifolomu ya Doreen, mwaye uli m'mapewa. Kuseka kuja kunazima pang'onopang'ono. "A Rabia? Ana?"

"Ali moyo onse. Akukudikirani pamsewu."

"Pamsewu," anabwereza.

Doreen anamuika makiyi m'dzanja. Munthu uja anawayang'ana, anawafumbata bwinobwino nkuwaika m'thumba la malaya, natuluka osavala nsapato.